Kodi timapemphera kuti adzatiike bwino?

Munthu akaleka kupita kutchalitchi kwathu kuno, akuluakulu samuyamba ndi nkhani ya Yesu. Funso loyamba limakhala lakuti, "Nanga ukadzafa adzakuimbira ndani?" Amayi amafunsa choncho mwana wawo amene wayamba kugona mpaka dzuwa kutentha Lamulungu, agogo amafunsa mdzukulu amene wabwerako ku yunivesite ndi mafunso odzaza thumba, ndipo kawirikawiri funsoli limagwira ntchito. Mnyamata uja amadzuka, kusita malaya, kukakhala pa benchi yakumbuyo. Sikuti wakhutira nazo za kuuka kwa akufa ayi. Waopa manyazi a maliro a zii.

Ndipo sindingamunene. Maliro a munthu wampingo amakoma kuwaona, ngati n'kololedwa kunena choncho. Uthenga ukangomveka, amayi a Mvano kapena a Chigwirizano amatulukira atavala zoyera zawo, a Dorika nawonso, akatolika amabwera monga mphakati, makorona ali m'manja. Usiku wonse pa siwa nyimbo sizidukiza. Abambo ali panja kuwotha moto, amayi ali m'nyumba pamphasa pafupi ndi thupi, wina mawu akasasa wina amalandira. Kukacha kwaya imatsogola, amayi onyamula nkhata kundandalika mizere iwiri, bokosi pakati, abusa ndi akulu ampingo pambuyo. Ukaona zimenezi mumtima umati, inenso tsiku langa likadzakwana adzandiperekeze chonchi.

Mbali inayo ndinaionera pafupi pa maliro a malume anga. Iwo anali atadulidwa mumpingo chifukwa chotenga mkazi wachiwiri, ndipo anamwalira asanabwerere. Dzina la mpingowo silofunika, chifukwa mipingo ya lamulo lotere ndi yambiri. Mkulu wampingo anabwera ndithu, munthu waulemu wake, koma Baibulo analisiya kunyumba. Anaimirira, chipewa chili m'manja, nati: "Anamfedwa, pepani. Mpingo sutengapo mbali pa mwambo uno. Ife tangobwera ngati anansi, poti maliro n'kulirana." Amayi ampingo analipo ambiri, koma atavala zitenje wamba. Pochoka pakhomo mayi wina anayamba nyimbo chapansipansi, mnzake n'kumugwira pamkono, nyimbo n'kuthera pakhosi. Kuchoka pamenepo mpaka kumasano kunkangomveka mapazi ndi kulira kwa akazi awiri aja, aliyense ndi ana ake. Adzukulu atayamba kukwirira, phokoso la makasu linkamveka mpaka kumsewu, chinthu chimene pa maliro ena suchimva n'komwe chifukwa nyimbo zimachiphimba.

Madzulo ake mayi anga, mlongo wawo wa omwalirawo, anandifunsa akutsuka mbale: "Ndiye kuti achimwene apita kumoto?"

Funso limeneli ndi limene landilembetsa nkhaniyi. Mayi anga awerenga Baibulo moyo wawo wonse, koma tsiku limenelo anaona ngati chigamulo cha Mulungu chaperekedwa kale ndi bwalo la akulu ampingo, ndipo umboni wake ndi kusowa kwa kwaya. Ambiri a ife tili pomwepo. Tasakaniza zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, mwambo woika munthu m'manda ndi chiyembekezo cha chimene chidzamuchitikire munthuyo. Khadi la mpingo talisandutsa inshuwalansi ya maliro: uzipereka mwezi ndi mwezi, usadumphitse, kuti tsiku la tsoka kampani isadzakane. Munthu akhoza kusunga khadi lotere zaka makumi anayi osadzifunsapo ngati amakhulupiriradi zimene amanena Lamulungu lililonse pomaliza Chikhulupiriro cha Atumwi, zakuti kuli kuuka kwa thupi ndi moyo wosatha.

Tisanapite patali, tichotse kaye bodza lina limene tinaphunzitsidwa tili ana, lakuti makolo athu sankadziwa kanthu za moyo wa kuseri kwa manda mpaka azungu atabwera. Ankadziwa, ndipo ankazitenga mozama kuposa ambiri a ife. Kwa iwo munthu akatsikira kuli chete sanali kutha. Ankasanduka mzimu wa pabanja, woyang'anira ana ake, wotha kukwiya akaiwalidwa. N'chifukwa chake kunali kumeta pambuyo pa maliro, kunali mowa wa bona, kunali kutsira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo, kunali kupatsa khanda dzina la agogo ake. Mpaka lero mumva munthu wa suti yake mu ofesi ku Lilongwe akunena kuti walota malemu bambo ake akudandaula kuzizira, ndiye mwezi ukatha apita kumudzi kukamanga chiliza. Lamulungu munthu yemweyo ali kutsogolo kwa kwaya. Ena amati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndimaonapo munthu amene sakufuna kuvomera kuti bambo ake anangotha basi, ndipo pamenepo sitisiyana naye.

Palinso nthano ija ya Bilimankhwe ndi Buluzi. Chauta anatuma Bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzabweranso. Bilimankhwe, ndi kayendedwe kake kaja, anachedwa panjira. Buluzi anathamanga n'kukafika msanga ndi uthenga wina, wakuti akafa afereratu. Anthu analandira uthenga wofika poyamba, ndipo kuyambira pamenepo imfa inakhazikika. Chimene chimandigwira mtima m'nthanoyi n'chakuti makolo ankaona kuti imfa sinali cholinga choyamba cha Namalenga, kuti penapake zinthu zinasokonekera panjira. Chikhristu chitafika sichinapeze anthu osadziwa kuti mzimu umakhalapobe. Chachilendo chimene chinabweretsa chinali china: kuti thupi lomwelo limene adzukulu akwirira lidzauka, kuti munthu mmodzi anauka kale mumzinda wodziwika pa nthawi ya bwanamkubwa wodziwika dzina lake Pilato, ndiponso kuti aliyense, mfumu kaya kapolo, adzayankha yekha pamaso pa Mulungu.

Uthenga umenewu sunalowe mosavuta. Sitima ya Ilala inalowa m'nyanja yathu mu Okutobala 1875, itanyamula Robert Laws ndi anzake, ndipo anakakhazikitsa mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear. Malowo anali okongola koma odzaza malungo. Dokotala William Black anamwalira mu 1877. Chaka chomwecho anamwalira Shadrach Mngunana, mphunzitsi wachikuda wochokera ku Lovedale ku South Africa, amene anabwera limodzi ndi William Koyi. Pofika 1881, pamene mishoni inkasamukira ku Bandawe, pamalopo panali manda asanu ndi munthu mmodzi yekha wobatizidwa, Albert Namalambe. Mandawo alipo mpaka lero, ndipo alendo ambiri opita kukasambira ku Chembe amawadutsa osawaona.

Ndimamuganizira kwambiri Namalambe. Iye analibe kwaya yoti idzamuimbire, analibe amayi a yunifolomu, analibe mpingo wa anthu mazanamazana woti udzamuperekeze. Zimene anaona ndi maso ake ndi zakuti anthu obwera ndi uthenga wa moyo wosatha ankafa mofulumira kuposa eni dziko. Wanzeru za pansi pano akanati Mulungu wa anthu awa sateteza n'komwe anthu ake. Koma iye anabatizidwa, ndipo anzake atapita ku Bandawe anatsala pomwepo akuphunzitsa. Chimene chinamukoka, kaya chinali chiyani, sichinali maliro abwino.

Za chimene chimachitika munthu akangomwalira, Akhristu sitigwirizana, ndipo sinditaya nthawi yambiri pamenepa. Akatolika amaphunzitsa za purigatoriyo, amapempherera omwalira, ndipo pa 2 Novembala amapita kumanda kukakumbukira mizimu ya okhulupirira. A Chipresibeteriya amati mzimu wa wokhulupirira umapita pomwepo kwa Ambuye, ndipo amaloza mawu a Yesu kwa wachifwamba pamtanda mu Luka 23. A Seventh Day, amene akhala ku Malamulo kuyambira 1902, amati akufa ali m'tulo, sadziwa kanthu mpaka lipenga lidzalire. M'minibasi mikangano imeneyi imatha kuyambira ku Limbe mpaka ku Zomba wina osagonja. Koma onsewa amakumana pa mfundo imodzi, yakuti mapeto a nkhani si mzimu woyandama m'mitambo, koma kuuka kwa munthu wathunthu ndi dziko lokonzedwanso. Chodabwitsa n'chakuti mfundo imene timagwirizanayi ndi imene sitiilalikira kawirikawiri pa maliro.

Chimene timalalikira ndi mantha. Mlaliki amaloza bokosi, kenako amaloza khamu: "Lero ndi uyu, mawa ndi iwe! Chaona mnzako chapita!" Amafotokoza moto wa Gehena mwatsatanetsatane ngati anakauonako, anthu ali duu padzuwa, anamfedwa aiwalika. Sindikunena kuti chiweruzo kulibe. Yesu mwini analankhula za icho, ndipo fanizo la mwini chuma ndi Lazaro mu Luka 16 silofewa ayi. Koma onani zimene Yesu anachita atafika pa maliro enieni a mnzake ku Betaniya. Sanawopseze khamu. Analankhula ndi Marita za kuuka, anafunsa kumene anamuika mnzakeyo, ndipo analira. Paulo polembera Atesalonika sanawaletse kulira, anangoti asalire ngati anthu opanda chiyembekezo. Chikhulupiriro chobadwa ndi mantha a pa maliro chimatha mlungu umodzi, mwina iwiri. Tinachiona m'zaka zija za Edzi, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, pamene opala mabokosi ku Mchesi ndi ku Ndirande ankagwira ntchito usana ndi usiku. Pafupifupi Loweruka lililonse kunali maliro, ulaliki wa moto unali ponseponse, koma mantha okhawo sanasinthe anthu. Amene ndinawaona akusintha mitima ya anthu anali amayi ampingo oyenda khomo ndi khomo kukasambitsa odwala amene abale awo enieni ankaopa kuwakhudza.

Kenako kunabwera namondwe wa Freddy. Mu Marichi 2023 mvula inagwa masiku otsatizana kuchigawo chakumwera, phiri la Soche linagumuka usiku, matope ndi miyala n'kutsetserekera pa Chilobwe. Ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe midzi ina inakokoloka yonse. Anthu oposa 600 anapezeka atamwalira, ndipo ena oposa 500 sanapezeke n'komwe. Taganizani za chiwerengero chachiwirichi. Mabanja mazanamazana analibe thupi loti alisambitse, analibe bokosi, analibe poika nkhata. Ena anafukula ndi makasu ndi manja mpaka zala kutuluka magazi, kenako analeka. Pakati pa osowawo panali akulu ampingo, amayi a yunifolomu, ana a Sande sukulu, oimba kwaya amene anaimbira anzawo ambirimbiri. Pofera salambula. Ngati chiyembekezo chathu chagona pa mwambo wa maliro, ndiye kuti anthu onsewa anataya zonse usiku umodzi, ndipo palibe Mkhristu angavomere zimenezo.

Vuto limeneli si lachilendo mumpingo. M'chaka cha 177, mumzinda wa Lyon ku France ya lero, Akhristu anazunzidwa pa ulamuliro wa Marcus Aurelius. Pakati pawo panali bishopu wokalamba Pothinus ndi mtsikana wina kapolo dzina lake Blandina. Atawapha, akuluakulu a mzindawo anakaniza anzawo kuika mitemboyo. Anaisiya pamtetete masiku angapo asilikali akulondera, kenako anaitentha, phulusa n'kulitaya mumtsinje wa Rhône. Anachita dala. Ankadziwa kuti anthuwa amalimba mtima chifukwa chokhulupirira kuuka kwa thupi, ndiye anafuna kuona kuti adzauka bwanji popanda ngakhale fupa limodzi. Mpingo unalira chifukwa cholephera kuika anthu ake, koma sunaganizepo kuti Mulungu wagonja ndi mtsinje. Buku la Chivumbulutso, chaputala 20, limanena kuti nyanja idzapereka akufa amene ali m'menemo. Vesi imeneyi ndinkaidutsa mothamanga kale. Chichitikire za Freddy ndimaiwerenga ndikuganiza za Ruo ndi Shire.

Palinso Monica, mayi ake a Augustine, bishopu wa ku Hippo, mayi wa mu Africa muno, wa ku Thagaste m'dziko limene lero ndi Algeria. Iye anali atakonzeratu manda ake pafupi ndi a mwamuna wake kwawo. Koma mu 387 anadwala ali paulendo ku Ostia ku Italy, ndipo mwana wake wina atadandaula kuti mayi afera kuchilendo, anawauza kuti thupilo aliike paliponse, asavutike nalo, angomukumbukira pa guwa la Ambuye. Kwa ena anali atanena kale kuti palibe malo amene ali kutali ndi Mulungu, ndipo sankaopa kuti tsiku lomaliza Mulungu adzalephera kudziwa pomuukitsira. Augustine yemweyo pambuyo pake anaphunzitsa kuti mwambo wa maliro umatonthoza amoyo koposa kuthandiza omwalira. Ndikamva mabanja akugulitsa munda kapena kulowa m'katapira kuti thupi la mwana wawo lichoke ku Joni lidzagone kumudzi, sindiwaweruza, chifukwa nanenso ndikanafuna wanga agone pafupi. Ndi chikondi chimenecho. Koma banja limene lalephera, limene mwana wawo anaikidwa ku Johannesburg ndi anzake a kuntchito, lisamayende ndi mtima wakuti lamutaya kawiri.

Tsopano funso lovuta, limene mdzukulu uja wa ku yunivesite amafunsa ndipo agogo amaliyankha ndi funso lina. Tikudziwa bwanji kuti zonsezi n'zoona?

Kudziwa kwa mtundu wa masamu kulibe, ndipo mlaliki amene amati ali nako akunama. Palibe anabwerako kumasano n'kudzatifotokozera, kupatula mmodzi amene nkhani yonseyi yatsamira pa iye. Paulo sanabise kuti zonse zagona pamenepo. Mu 1 Akorinto 15, kalata imene analemba patangopita zaka pafupifupi 25 Yesu atapachikidwa, ananena poyera kuti ngati Khristu sanauke, kulalikira konse n'kwachabe, chikhulupiriro n'chachabe, Akhristu ndi anthu omvetsa chisoni kuposa wina aliyense, ndipo kuli bwino tingodya ndi kumwa poti mawa tifa. Ndimalemekeza chipembedzo chimene chimakuuza chokha pamene chingagwere. M'chaputala chomwecho anatchula anthu amene anati anamuona, Petro, khumi ndi awiri aja, Yakobo, ndi abale oposa 500 amene ambiri anali akadali moyo pamene ankalemba. Mauthenga Abwino onse anayi amati oyamba kufika pamanda anali akazi, m'dziko limene umboni wa mkazi sunkawerengedwa kwenikweni. Munthu wopeka nkhani kuti anthu amukhulupirire sakanayambira pamenepo. Ndipo anthu amene anathawa usiku umene Yesu anagwidwa ndi omwewo amene pambuyo pake analolera ndende ndi imfa osasintha mawu.

Zimenezi si umboni wotseka pakamwa aliyense. Anthu anzeru ndi oona mtima aziwerenga n'kukhala osakhutira, ndipo ena mwa iwo ndi anzanga amene ndimadya nawo nsima. Koma kwa ine n'zokwanira kuti ndisamachite manyazi kukhulupirira. Potsala pamenepo ndiye pamafunika kusankha.

Katswiri wa masamu wa ku France, Blaise Pascal, wa m'zaka za m'ma 1600, anapereka nzeru yotchuka pa kusankhaku. Anati ukakhulupirira Mulungu n'kupezeka kuti alipo, wapeza zonse, akapezeka kuti kulibe, sunataye zambiri, choncho wochenjera akhulupirire. Alaliki athu amaikonda nzeruyi ngakhale amene sanamvepo dzina la mwini wake. Ine siindikhutiritsa. Choyamba, Mulungu amene amaona mumtima sangapusitsidwe ndi munthu wongodzitchinjiriza. Chachiwiri, si zoona kuti wokhulupirira sataya zambiri. Amene sataya kanthu ndi uja wa benchi yakumbuyo. Amene watsatiradi amataya, ndipo nthawi zina amataya kwambiri.

Dziko lathu lili ndi chitsanzo chimene sitikonda kuchikamba. Mu 1967 boma la Kamuzu Banda linaletsa a Mboni za Yehova, makamaka chifukwa chokana kugula makhadi a chipani. Mu 1972 nkhanza zinafika poipa: anamenyedwa, nyumba zawo zinatenthedwa, anachotsedwa ntchito, ena anaphedwa, ndipo zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia, kenako ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Ine si wa Mboni, ndipo pa ziphunzitso zambiri ndimasiyana nawo kutalitali. Koma khadi lija linali la ndalama zochepa, ndipo aliyense akanatha kuligula, kuliika m'thumba, mumtima n'kumati Mulungu akumvetsa. Mlimi wa ku Dowa kapena ku Mchinji amene anasiya munda wake, nkhokwe yake ndi manda a makolo ake chifukwa cha kapepala kameneko anaonetsa chimene chimachitika munthu akakhulupiriradi kuti imfa si mawu omaliza, ndipo kuti pali bwalo lina loposa la pansi pano. Akhristu ambiri a mipingo yathu ikuluikulu anakhala chete nthawi imeneyo, ena anathandiza nawo kumenya. Anali ndi makhadi onse awiri, la chipani ndi la mpingo, ndipo maliro awo anaimbidwa bwino.

Anyamata atatu aja a mu Danieli 3 anayankha mfumu kuti Mulungu wawo akhoza kuwapulumutsa m'ng'anjo, koma ngakhale atapanda kutero, fano sangaligwadire. Kusankha kumene ndikunena n'kotere. Sikudalira kuti zinthu ziyenda bwino, ndipo pano ndimasemphana ndi aneneri a masiku ano amene amalonjeza galimoto, visa ndi ukwati kwa aliyense wobzala mbewu. Iwo za kumwamba sazitchulanso n'komwe, zonse azitsitsira pansi pano, pomwe alaliki a pa maliro zonse azikankhira kumoto. Kusankhaku sikuchitikanso kamodzi, tsiku lobatizidwa kapena lokweza dzanja pa chitsitsimutso. Kumabwera mobwerezabwereza, nthawi zambiri pa zinthu zazing'ono zosaoneka, ndipo masiku ena pemphero lokhalo limene ndingathe ndi la bambo uja wa mu Marko 9, amene anati akukhulupirira koma athandizidwe pa kusakhulupirira kwake.

Pali amene amati chiphunzitso cha kumwamba ndi mankhwala ogonetsa amphawi, kuti apirire njala ndi kuponderezedwa podikira mphotho ya kutsogolo. Ali ndi mfundo, chifukwa chagwiritsidwapo ntchito choncho, m'minda ya atsamunda ngakhalenso m'maguwa a lero. Koma werengani Mateyu 25, pamene Yesu akufotokoza tsiku la chiweruzo. Mafunso ake ndi a chakudya, madzi, zovala, mlendo, wodwala ndi wandende. Palibepo funso la khadi, palibepo la kwaya. Ngati thupi lidzauka, ndiye kuti thupi ndi lofunika, ndi la mwana wonyentchera lomwe, ndi la mkaidi wa ku Maula lomwe. Chiphunzitsochi chikamveka bwino chimasowetsa tulo olemera ndi olamulira, osati kugonetsa amphawi.

Mayi anga ndinawayankha zochepa usiku uja. Ndinati bwalo la mpingo lili ndi mphamvu pa yunifolomu ndi pa nyimbo, ndipo mwina lili ndi zifukwa zake zosungira mwambo, koma silinapatsidwe mpando woweruza akufa. Wachifwamba uja wa pamtanda analibe kalata ya ubatizo, sanalowe kalasi, ndipo palibe chikusonyeza kuti anaikidwa mwaulemu. Zimene malume analankhula ndi Mulungu wawo masiku amene anagona m'chipatala, ife sitinazimve. Sindinawauze kuti achimwene awo ali kumwamba, chifukwa nanenso mpando umenewo si wanga.

Pamene ndimaonera bwino ngati timakhulupiriradi za moyo ulinkudza si kumanda, koma m'mawa mwake, pa msonkhano wa banja. Nyimbo zatha, alendo abalalika, matenti achotsedwa, ndiye akuchimuna amakhala pansi n'kuyamba kuwerenga katundu. Dziko lino linachita kufika pokhazikitsa lamulo mu 2011 loti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, m'dziko limene anthu ambiri amati ndi Akhristu. Anthu omwe dzulo ankaimba kuti tidzakumana kutsidya ndi amene lero akufunsa makiyi a nyumba kwa mkazi wamasiye, maso ake akadali otupa.

Pa msonkhano wina wotere, wa mbali ya kwa bambo anga, womwalirayo anasiya chigayo, njinga yamoto, nyumba ya malata ndi ana anayi. Mkulu wake, munthu wa udindo kumpingo kwawo, anayamba bwinobwino ndi pemphero, kenako anafotokoza kuti chigayocho chinagulidwa ndi nzeru za kubanja kwawo, ndiye n'koyenera kuti chibwerere kumene chinachokera, ndipo anawo aziwathandiza iye. Mkazi wamasiye anangoti zyoli, akupotokola nsonga ya chitenje. Anthu onse chete. Ndiye azakhali, mlongo wawo wamkulu, amene sanapite patali ndi sukulu ndipo nthawi zambiri pa misonkhano salankhula, anati: "Achimwene, dzulo munatiuza nokha kumanda kuti mng'ono wanuyu sanafe, wangotsogola, mukamupeza. Ndiye mukakamupeza, akakakufunsani za chigayo cha ana ake, mukamuuza chiyani?"

Mkuluyo anakwiya. Anati azakhali akusakaniza za Mulungu ndi za pabanja, ndipo msonkhano unatha anthu asanatsazikane. Njinga yamoto anapita nayo tsiku lomwelo, akuti akaisunge, ndipo mpaka lero akuisungabe. Chigayo sanachitchulenso. Chikugayabe pomwepo, ndipo mwana woyamba wa malemuyo chaka chino walemba mayeso a Fomu 4 ndi ndalama za chigayocho.